Kodi filimu ipindulira chiyani nkhosa? Klee Benally ndi ana a Chinavajo ogwira kamera

M'nyengo yotentha ya chaka cha 1966, azungu awiri anafika ku Pine Springs, kamudzi ka m'chigawo cha Arizona ku America, atanyamula makamera. Wina anali Sol Worth, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Pennsylvania, ndipo mnzake anali John Adair, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu yemwe Anavajo ankamudziwa kale. Iwo ankafuna kuphunzitsa anthu ochepa a m'mudzimo kagwiritsidwe ntchito ka kamera, kenako n'kuwasiya kuti ajambule chilichonse chimene angafune. Asanayambe anakaonekera kwa mkulu wina wolemekezeka, sing'anga wokalamba dzina lake Sam Yazzie. Atamva zonse, mkuluyo anakhala kaye chete, kenako anafunsa ngati kupanga mafilimu kungapweteke nkhosa. Worth anayankha mosangalala kuti ayi. Mkuluyo anaganizanso, n'kufunsa ngati kupanga mafilimu kungazichitire nkhosa zabwino zilizonse. Apa Worth anakakamizika kunena kuti ayinso. Ndiye mkuluyo anati, nanga mupangirenji mafilimu?

Alendo aja analibe yankho, ndipo m'buku limene analemba pambuyo pake anavomereza kuti funsolo silinawachoke m'mutu. Kwa ine funso limeneli ndi khomo lolowera m'nkhani yonse ya mafilimu a Anavajo, makamaka ya munthu mmodzi, Klee Benally, amene anabadwa patatha zaka 9 chichokereni alendo aja ndipo anathera moyo wake akuyesa kuliyankha, osati ndi pakamwa koma poika kamera m'manja mwa ana.

Tiyambe ndi nkhosazo, chifukwa wosadziwa mbiri angaganize kuti mkulu uja ankangoseka alendo. Anavajo, amene eni ake amadzitchula kuti Diné, kutanthauza anthu, ali ndi dera lalikulu kuposa mtundu wina uliwonse mwa eni nthaka a ku United States. Deralo ndi la masikweya kilomita pafupifupi 71,000, kuposa theka la Malawi, ndipo lili m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah. Likulu lawo ndi Window Rock, ndipo anthu olembetsedwa mu mtunduwu ndi pafupifupi 400,000. Mu 1863 ndi 1864 asilikali a America motsogozedwa ndi Kit Carson anatentha minda yawo, kupha ziweto, ndi kudula mitengo ya mapichesi ku Canyon de Chelly mpaka anthu anagonja ndi njala. Anthu oposa 8,000 anawayendetsa wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kukawatsekera ku Bosque Redondo, malo amene Anavajo amawatcha Hwéeldi. Kumeneko anthu oposa 2,000 anafa. Otsalawo anabwerera kwawo atasainirana pangano ndi boma mu 1868, ndipo chimene chinawadzutsanso ndi nkhosa. M'zaka za m'ma 1930 boma linabweranso, nthawi ino likunena kuti ziweto zachuluka ndipo zikukokolola nthaka. Nkhosa, mbuzi ndi akavalo zinagulidwa mokakamiza pa mtengo wolira, zina n'kuwomberedwa eni ake akuona. Amayi ndiwo anavulala kwambiri, poti nkhosa zambiri zinali zawo. Choncho munthu wa msinkhu wa Sam Yazzie akamafunsa za nkhosa, ankafunsa funso limene mlendo aliyense wobwera ndi ndondomeko yake ankayenera kufunsidwa: kodi zimene wabwera nazozi zitisiya tili ndi moyo kapena zitilanda?

Kamera nayo sinali yachilendo kwa iwo, ndipo sinabwere ngati bwenzi. Zithunzi zoyambirira za Anavajo zimene zilipo zinajambulidwa ku Bosque Redondo komweko, anthu ali akaidi, msilikali ataima pambali ndi mfuti. Mu 1904 wojambula zithunzi wotchuka Edward Curtis anajambula Anavajo angapo atakwera akavalo akulowera kumdima, atafulatira kamera, ndipo chithunzicho anachipatsa dzina lotanthauza mtundu umene ukutha. Kenako kunabwera Hollywood. Wamalonda wina wa ku Monument Valley, chigwa cha m'dera la Anavajo, dzina lake Harry Goulding, ataona kuti anthu asauka ndi kuchepetsedwa kwa ziweto kuja, ananyamula zithunzi za mapiri ofiira a kumeneko n'kukazionetsa kwa opanga mafilimu. John Ford anakopeka, ndipo kuyambira ndi filimu yake ya mu 1939, Stagecoach, mapiri amenewo anasanduka nkhope ya mafilimu a makaubowi padziko lonse. Anavajo ankalembedwa ganyu yokwera akavalo, kukuwa ndi kugwa akawomberedwa. Ndalamayo inkathandiza, sitingakane. Koma m'mafilimumo sankakhala Anavajo. Lero ankawaveka kuti ndi Aapache, mawa Akomanche, mkucha Acheyenne. Mu filimu ya Ford ya mu 1964, anthu amene ankati ndi Acheyenne ankalankhula Chinavajo, ndipo popeza panalibe mzungu womva chinenerocho, ena ankangonena zawozawo zoseketsa pomwe nkhani ya filimuyo inali yachisoni. Anavajo oonera ankafa ndi phwete, azungu n'kumadabwa. Ndi kubwezera kokoma ndithu, koma ndi kwa munthu amene kamera ili m'manja mwa wina.

Zimene zinatuluka ku Pine Springs mu 1966 zinasonyeza kuti kamera ikasintha manja, maso nawonso amasintha. Ophunzira aja, kuphatikizapo Susie Benally, Johnny Nelson, Mike Anderson, Al Clah ndi atsikana awiri apachibale a banja la Tsosie, anapatsidwa makamera a 16mm opanda mawu, ojambula zakuda ndi zoyera. Susie Benally anasankha kujambula amayi ake akuluka chofunda. Mzungu akanajambula nkhani imeneyi akanalunjika pa zala ndi ulusi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Iye sanatero. Gawo lalikulu la filimuyo ndi amayi ake akuyenda: akupita kunkhosa, akumeta ubweya, akuyenda m'tchire kukakumba mizu, akutola zomera zopangira utoto, akubwerera. Kuluka kwenikweniko kukubwera mochedwa ndipo n'kwakufupi. Johnny Nelson, pojambula wosula siliva, anachita chimodzimodzi: munthu akuyenda ulendo wautali kukafuna zipangizo. Akatswiri aja poyamba ankaona ngati ophunzirawo akuwononga filimu. Pambuyo pake anazindikira kuti m'nthano za Anavajo ulendo ndiwo nkhani, ndipo chinthu sichimveka ngati sunaone kumene chachokera. Anaonanso kuti ophunzirawo ankapewa kuyandikitsa kamera pankhope ya munthu, chifukwa kwawoko kumuyang'anitsitsa munthu m'maso ndi chipongwe. Susie anaphunzitsanso amayi ake, Alta Kahn, ndipo nawo anapanga filimu yawo. Mafilimu amenewa analowetsedwa m'kaundula wa mafilimu osungidwa ndi dziko la America mu 2002.

Komabe mlendo ndi mame. Ntchito ija inali ya miyezi iwiri, mafunso ofufuzidwa anali a alendowo, ndipo buku linatuluka mu 1972 m'maina awo. Sinali sukulu, ndipo sinasiye njira yoti mwana wa ku Pine Springs wobadwa chaka chotsatira adzagwire kamera. Apa ndi pamene Klee Benally anasiyanirana nawo.

Klee anabadwa mu 1975. Bambo ake, Jones Benally, ndi sing'anga wa Chinavajo komanso katswiri wa gule wovina ndi mikombero, ndipo mayi ake, Berta, ndi ochokera ku banja la Chiyuda. Mizu ya banjali ili ku Black Mesa, dera limene linali pakati pa moto nthawi imene iye ankabadwa. Mu 1974 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo logawa malo amene Anavajo ankakhalira limodzi ndi Ahopi, mtundu wina wa eni nthaka. Mpanda unadutsa pakati pa madambo odyetsera ziweto, ndipo Anavajo zikwizikwi amene anapezeka mbali ya Ahopi analamulidwa kusamuka. Boma linkati likuthetsa mkangano wa mitundu iwiri. Anthu ambiri a kumeneko, kuphatikizapo Klee, ankati nkhani yeniyeni inali pansi pa nthaka: malasha. Kampani ya Peabody inkakumba malasha ku Black Mesa, n'kumawasakaniza ndi madzi abwino opopedwa pansi pa nthaka, n'kuwatumiza m'mapaipi mtunda wa makilomita oposa 400 kukafika ku siteshoni yopangira magetsi ku Nevada, mpaka siteshoniyo inatsekedwa kumapeto kwa 2005. Malasha ena ankapita ku siteshoni ya pafupi ndi tauni ya Page, imene inatsekedwa mu 2019. Magetsiwo ankawalitsa mizinda ikuluikulu ya kutali. Mabanja zikwizikwi a Anavajo ankagona ndi nyali, mawaya akuluakulu akudutsa pamwamba pa nyumba zawo. Nkhani imeneyi owerenga ambiri sangavutike kuimva.

Mnyamatayu sanayambe ndi kamera. Anayamba ndi gitala. Mu 1989, ali ndi zaka 14, iye ndi mlongo wake Jeneda ndi mng'ono wake Clayson anayambitsa gulu loimba lotchedwa Blackfire, loimba nyimbo zaphokoso za mtundu wa punk zosakaniza ndi maimbidwe a makolo awo. Gululi linayenda m'mayiko ambiri, linagwira ntchito ndi oimba a gulu lotchuka la Ramones, ndipo linapatsidwa mwayi woika maimbidwe pa mawu amene woimba wakale wotchuka Woody Guthrie anasiya osaimbidwa. Ndikutchula zimenezi chifukwa punk ili ndi chiphunzitso chake chimene Klee anachitengera ku mafilimu: usadikire kuti wina akupatse chilolezo, usadikire zipangizo zodula, panga ndi chimene uli nacho, ndipo ukadziwa kanthu phunzitsa mnzako lero lomwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anayambitsa bungwe lofalitsa nkhani za eni nthaka lotchedwa Indigenous Action Media ku Flagstaff, tauni imene Anavajo amaitcha Kinłání.

Chimene chinamukokera kwambiri ku kamera ndi phiri. Anavajo amati dziko lawo lili pakati pa mapiri anayi opatulika, limodzi kummawa, lina kummwera, lina kumadzulo, lina kumpoto. La kumadzulo ndi Dookʼoʼoosłííd, limene pamapu limalembedwa kuti San Francisco Peaks, ndipo limaoneka bwino lomwe kuchokera m'misewu ya Flagstaff. Mitundu 13 ya eni nthaka imalilemekeza. Asing'anga amakatengako mankhwala ndi dothi la m'zithumba zawo zamwambo. Pa phiri lomwelo pali malo amalonda otchedwa Arizona Snowbowl, pomwe anthu amalipira kuti azitsetsereka pa chipale chofewa m'nyengo yozizira. Popeza zaka zina chipalecho chimagwa chochepa, eni malowo anaganiza zomapanga chawo ndi makina, pogwiritsa ntchito madzi a m'zimbudzi za mumzinda wa Flagstaff oyeretsedwa. Mawu akuti oyeretsedwa sanatonthoze aliyense. Kwa sing'anga, mankhwala othiridwa madzi odutsa m'zimbudzi, m'zipatala ndi m'nyumba zosungira mitembo ndi mankhwala akufa. Klee anapanga filimu yofotokoza nkhaniyi, The Snowbowl Effect, momwe akuluakulu a mitundu yosiyanasiyana ndi akatswiri a sayansi analankhula okha. Mitunduyo inapita kukhothi. Mu 2008 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti ntchitoyo sikuphwanya ufulu wachipembedzo, poti palibe amene akuletsedwa kupemphera, ndipo mu 2009 khothi lalikulu kwambiri la dzikolo linakana kumva nkhaniyo. Mu 2011, mapaipi akuikidwa, Klee anadzimangirira ndi unyolo ku chimakina chokumba ndipo anamangidwa. Chipale chopangidwacho chinayamba kupoperedwa pa phirilo kumapeto kwa 2012.

Ndiye ngati tifunsa monga Sam Yazzie, filimu ija sinapulumutse phiri. Izi Klee ankazidziwa bwino kuposa wina aliyense, ndipo sanali munthu wodzinamiza. Koma pa nthawi yomweyo n'kuti atayamba kale ntchito ina imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa mafilimu ake onse.

Mu 2004 iye ndi achinyamata ena anayambitsa Outta Your Backpack Media. Dzinalo likunena za chikwama chobereka kumsana, chonga chimene mwana amapita nacho kusukulu, ndipo maganizo onse ali m'chikwamamo. Kale kupanga filimu kunkafuna galimoto yodzaza zipangizo, nyumba yotsukira filimu ndi ndalama zochuluka. Pofika 2004, kamera yaing'ono ya vidiyo, maikolofoni, mahedifoni ndi laputopu yokhala ndi pulogalamu yodulira ndi kulumikiza zithunzi zinkakwana m'chikwama chimodzi. Bungweli linkachititsa maphunziro aulere a masiku ochepa kwa ana ndi achinyamata a mitundu ya eni nthaka, ndipo linkayesetsa kuti zipangizozo zifike m'manja mwa achinyamatawo kuti azikagwiritsa ntchito kwawo. Mfundo yachiwiriyi ingaoneke yaing'ono koma ndi pamene pagona nkhani. Maphunziro ambiri a mabungwe amatha ndi satifiketi ndi chithunzi cha pagulu, kamera n'kubwerera mu kabati ya ofesi. Mwana amene waphunzira kujambula Loweruka koma Lolemba alibe chojambulira wangolawitsidwa chabe. Ndipo m'dera lotambalala ngati la Anavajo, komwe nyumba ina ndi inzake zimatalikirana makilomita ambiri m'misewu yafumbi, kuuza mwana kuti azibwera ku ofesi ya m'tauni kudzabwereka kamera n'chimodzimodzi kumukaniza.

China chimene anachita ndi kusandutsa ophunzira kukhala aphunzitsi. Wachinyamata amene wapanga kafilimu kake chaka chino ankabwerera kudzathandiza atsopano. Izi zili ndi nzeru ziwiri. Yoyamba ndi ya ndalama, poti bungwe losauka silingalembe akatswiri. Yachiwiri ndi ya mtima wa mwana. Mtsikana wa zaka 12 wamanyazi, amene kusukulu sakweza dzanja, savutika kufunsa mnzake wa zaka 16 kuti batani ili ndi la chiyani. Ndipo amaona ndi maso ake kuti wopanga filimu si mzungu wa ku Los Angeles yekha, angakhalenso mwana wa azakhali ake.

Nanga mwana amaphunzira chiyani kwenikweni m'masiku ochepa otero? Za makina n'zosavuta, ana amazitola msanga kuposa akulu. Amaphunzira kuti asajambule moyang'anizana ndi dzuwa, kuti agwire kamera mosagwedeza, kuti chithunzi chilichonse achisiye chiyende masekondi angapo asanadule. Amaphunzira, kawirikawiri mochedwa ndi mowawa, kuti oonera amakhululuka chithunzi chosaoneka bwino koma sakhululuka mawu osamveka, ndipo kudera la mphepo ngati kwawoko maikolofoni yosaphimbidwa imangojambula kuwomba kokhakokha. Chovuta ndi kudula. Mwana wabwera ndi zojambula za maola awiri, agogo ake akulankhula, ndipo akuuzidwa kuti zitsale mphindi zisanu. Ataye ziti? Pamenepo ndi pamene amazindikira kuti nkhani iliyonse imene anaionapo pa wailesi yakanema yokhudza anthu a kwawo inadulidwa ndi munthu, ndipo munthuyo anasankha kusiya woledzera wagona m'mbali mwa msewu n'kutaya mphunzitsi, namwino ndi woweta nkhosa. Mwana amene wadulapo filimu saoneranso nkhani ngati kale.

Palinso maphunziro ena amene sukulu ya mafilimu ya mumzinda singapereke, ndipo apa mpamene mlangizi wa mtundu womwewo amafunikira. Si zonse zimene diso laona zoyenera kujambulidwa. Zithunzi za mchenga zimene sing'anga amajambula pansi pochiritsa wodwala zimafafanizidwa mwambo ukatha, ndipo kuzisunga mu kamera ndi nkhani yofunika kufunsa akuluakulu. Nthano zina, monga za nkhandwe ya kumeneko yotchedwa coyote, zimakambidwa m'nyengo yozizira yokha, pomwe filimu ikaikidwa pa intaneti imaoneredwa mwezi uliwonse. Za imfa ndi za akufa Anavajo ambiri amazisamala kwambiri. Ndipo munthu sangofika pakhomo n'kuyatsa kamera. Amayamba wadzitchula mafuko ake anayi: la mayi ake, limene ndilo lake, poti Anavajo amatsata kuchikazi monga Achewa, kenako la bambo ake, la agogo aamuna a kuchikazi ndi la agogo aamuna a kuchimuna. Akatero, gogo amene akufuna kumujambulayo amadziwa kuti mwanayu ndi mdzukulu wake, kapena mlongo wake mwa fuko, ndipo kucheza kumayamba pa ubale umene amautcha k'é. Wojambula wotere sangathawe ndi zithunzi. Adzakumana nawo anthuwo ku sitolo, ku maliro, ku msonkhano wa m'dera. Ena anganene kuti zimenezi zimamanga manja a waluso, ndipo nthawi zina zimamangadi, makamaka akafuna kunena zoipa za m'banja kapena za atsogoleri. Koma ndi mtolo umene Curtis ndi Ford sanausenzepo.

Chipatso chodziwika bwino cha ntchitoyi ndi filimu ya Camille Manybeads Tso, In the Footsteps of Yellow Woman, ya mu 2009. Camille anayamba kuphunzira ku bungweli ali wamng'ono kwambiri, ndipo anapanga filimuyi ali ndi zaka 13. Anakhala pansi ndi agogo ake aakazi n'kuwafunsa za gogo wawo wakale, Yellow Woman, amene anakhala ndi moyo m'nthawi ya ulendo wa ku Hwéeldi uja. Kenako anasonkhanitsa abale ake, n'kuwaveka zovala za nthawiyo, n'kusewera zimene anamvazo pa nthaka yomweyo. Filimuyo inaonetsedwa m'zikondwerero za mafilimu zambiri. Chimene chimandigwira mtima si kutchuka kwakeko, koma kuti kamera inapatsa mwana chifukwa chokhalira maola ambiri pamphasa ndi gogo wake, akufunsa ndi kumvetsera. M'mabanja ambiri a Anavajo ulusi umenewu unaduka. Kwa zaka zambiri ana ankatengedwa kupita ku sukulu zogonera komweko za boma ndi za mishoni, komwe ankametedwa tsitsi ndi kulangidwa akalankhula chinenero chawo. Chodabwitsa n'chakuti boma lomwelo linagwiritsa ntchito Chinavajo ngati chinsinsi cha asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira ndi anyamata 29 mu 1942. Ana a m'sukulu zija atakula, ambiri sanafune kuti ana awo adzavutike chimodzimodzi, ndiye anawalera m'Chingerezi. Lero si zachilendo kupeza gogo ndi mdzukulu akulephera kumvana m'nyumba imodzi. Mwana wofuna kuika mawu omasulira pansi pa filimu yake amakakamizika kubwereza chiganizo cha gogo wake kakhumi, kufunsa amayi ake tanthauzo, mpaka mawuwo amukhala.

Klee mwini anapanga filimu yaitali yongopeka mu 2016, Power Lines, ya mtsikana wa Chinavajo wolemba ndakatulo wochokera m'banja losamutsidwa, amene athawa pakhomo. Inapangidwa ndi ndalama zochepa ndipo sinafike m'nyumba zazikulu zoonetsera mafilimu. Sindikuganiza kuti iye ankalira nazo.

Pakuti pali njira ina imene Anavajo ena anatsata, ndipo si chilungamo kuinyoza. Bungwe la za mafilimu la Sundance, limene katswiri wosewera m'mafilimu Robert Redford anayambitsa, lakhala ndi ndondomeko yolera opanga mafilimu a mitundu ya eni nthaka kwa zaka zambiri, ndipo kwa nthawi yaitali inkatsogozedwa ndi Bird Runningwater. Ku Santa Fe kulinso sukulu ya zaluso ya Institute of American Indian Arts, yotsegulidwa mu 1962. Mwa amene anadutsa ku Sundance muli Sydney Freeland, wobadwira ku Gallup mu 1980. Tauni ya kwawoyo inatchulidwapo pa wailesi yakanema ya dziko lonse kuti ndi tauni ya zidakwa, ndipo iye anatenga chitonzo chomwecho n'kuchisandutsa dzina la filimu yake yoyamba, Drunktown's Finest, imene inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 2014. Blackhorse Lowe, Nanobah Becker, Billy Luther ndi Ramona Emerson ndi maina ena a m'badwo womwewo. Pamene Sterlin Harjo, wa mtundu wa Seminole ndi Muscogee, anayamba sewero la pa wailesi yakanema la Reservation Dogs mu 2021, anaitana anzake amene anakulira nawo m'maphunziro amenewa, Freeland ndi Lowe ali m'gulumo, kuti adzatsogolere zigawo zina. Kulera kwa mtundu uwu n'kwa ntchito yolipidwa: wina akalowa amagwira chitseko kuti mnzake alowe, ndipo wachinyamata amene lero akunyamula mawaya mawa akhoza kugwira kamera. Mwana wa ku Chinle kapena ku Shiprock, matauni a m'dziko la Anavajo, amene akufuna kudya za luso lake akufunika njira imeneyi. Chikwama chokha sichilipira lendi.

Koma njira ziwirizi sizifunsa funso limodzi. Ya Hollywood imafunsa ngati Anavajo akuoneka pa kanema, ndipo ngati akuoneka monga anthu enieni. Ya Klee inkafunsa za phiri, za madzi, za migodi yoposa 500 ya uranium, mwala woopsa wogwiritsidwa ntchito pa zanyukiliya, imene makampani anaisiya yosakwirira m'dziko la Anavajo, za dziwe la zinyalala za uranium limene linaphulika ku Church Rock pa 16 July 1979 n'kuthira poizoni mumtsinje wa Puerco momwe ziweto zinkamwa. Iye sankakhulupirira kuti kuoneka pa kanema pakokha ndi chipambano, ndipo ankadzudzula poyera mabungwe ndi anthu amene amadyera pa mavuto a eni nthaka akudzitcha abwenzi. Anali munthu wovuta kumusangalatsa, ndipo ena ankamuona ngati wouma mutu. Anathandiza kutsegula malo okumanirana achinyamata ku Flagstaff otchedwa Táala Hooghan, ankagawa zofunda ndi chakudya kwa eni nthaka ogona m'misewu ya tauniyo, ndipo m'nthawi ya Covid-19, imene inakantha Anavajo koopsa mu 2020, anali m'gulu lotumiza chakudya ndi madzi kumidzi. Kwa iye zonsezi ndi kamera zinali ntchito imodzi.

Pakati pa njira ziwirizi pali zinthu zina zosayembekezeka. Mu 2013 nyumba yosungira zakale ya Anavajo ku Window Rock, motsogozedwa ndi Manuelito Wheeler, inamasulira filimu yoyamba ya Star Wars m'Chinavajo, ndipo mu 2016 inachitanso chimodzimodzi ndi filimu ya ana ya Finding Nemo. Agogo amene sanaonerepo filimu m'chinenero chawo anakhala pamodzi ndi zidzukulu, wina akumva mawu, wina akudziwa kale nkhani. Sam Yazzie akanati chiyani pa zimenezi, aliyense angaganize yekha.

Klee Benally anamwalira pa 30 December 2023 ku Phoenix ali ndi zaka 48, patangopita milungu yochepa buku limene analemba litatuluka. M'zaka zake zomaliza ankalimbana kwambiri ndi mgodi wa uranium wa pafupi ndi Grand Canyon, kudzera m'gulu la Haul No!, pochenjeza kuti miyalayo idzadutsa m'midzi ya Anavajo ngakhale kuti mtunduwo unaletsa kukumba uranium m'dziko lake mu 2005. Kumapeto kwa July 2024 malole oyamba onyamula miyalayo anadutsadi, pa misewu imene ili m'manja mwa boma la chigawo, ndipo pulezidenti wa Anavajo pa nthawiyo, Buu Nygren, anatumiza apolisi ake kuti akawaimitse koma anapeza atatuluka kale m'malire. Patatha miyezi iwiri, mu September, Netflix inatulutsa Rez Ball ya Sydney Freeland, nkhani ya timu ya basketball ya anyamata a sukulu ya Chinavajo. Mu filimuyo mphunzitsi wawo amawatengera kumudzi kukasonkhanitsa nkhosa zobalalika kuti aphunzire kugwirira ntchito limodzi, ndipo pabwalo amayamba kuitanirana mpira m'Chinavajo kuti adani awo asamve.